Besi ikusweka, equalizer ndaikweza yonse

Membala wosadziwika: Akuluakulu ndithandizeni. Nyimbo zikamalira besi ikungoti brrr, mawu a woimba osamveka. Timizere tonse ta equalizer (pokwezera ndi kutsitsira besi ndi mawu ena) ndakweza mpaka pamwamba koma zikungoipiraipira. Mnyamata amene anandigulitsa ku Malangalanga sakuyankhanso foni, magetsi akungozimazima, alandilodi nawo ayamba za phokoso pomwe lendi sindinaphonyepo. Loweruka kuli chinkhoswe cha achemwali anga ku Area 23 ndipo nyimbo anandisiyira ine. Nditani?

DJ wa ku Kawale: Achimwene, mwalakwitsa pomwepo. Kukweza timizere tonse ndi kungokweza voliyumu mwakabisira. Nyimbo zambiri za masiku ano zimatuluka mu situdiyo zitafika kale pafupi ndi 0 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu), ndipo pamenepo ndiye padenga. Mukaonjezera 10 dB, nsonga za mafunde a mawu zimadulidwa, brrr mukumvayo ndi imeneyo. Bwezerani zonse pa Flat, timizere tonse pa ziro. Tsitsani kamzere ka 310 Hz ndi 3 dB (Hz yochepa ndi ya besi, yochuluka ndi ya mawu apamwamba), mawu amadetsedwa pamenepo. Mukafunabe besi kwezani 60 Hz ndi 4 dB basi, ndipo Preamp (voliyumu yolowa mu equalizer) muitsitse ndi 4 dB yomweyo.

Mai a Tadala: Koma mukuyimbira pa chiyani? Foni, laputopu? Sipika yanji? Simunanene.

Wa FLAC: Vuto ndi mafayilo. MP3 ya 128 kbps nthawi zambiri imadula zonse zoposa 16 kHz, ndiye kukweza kamzere ka 16 kHz mukungokweza mpweya. Pezani MP3 ya 320 kbps, yosafinyidwa kwambiri, kapena FLAC, mtundu wa fayilo wosataya kalikonse ka nyimbo.

DJ wa ku Kawale: Bwana, munthu akudandaula besi inu mwatengera ku 16 kHz. FLAC yomweyo mukaikwezera 10 dB isweka chimodzimodzi. Pachinkhoswe ndani adzasiyanitse 128 ndi 320 azimayi akululutira?

Wa FLAC: Amene ali ndi makutu.

Mphwake wa Gogo: Chinkhoswe chonse chadalira munthu wokweza timizere tonse? Ankhoswe ayambiretu kupemphera. Alandilodiwo musawada, nawonso ali ndi makutu.

Fundi wa ku Biwi: Onani ngati simukukweza besi kawiri kapena katatu. Pa Samsung lowani mu Settings, Sounds and vibration, Sound quality and effects. Mukapeza Dolby Atmos ndi equalizer zili zoyatsa, pulogalamu yoimbira ilinso ndi yake, sipika nayo ili ndi batani la Bass, zonsezo zimaphatikizana. Siyani imodzi yokha. Ngati mukuimbira pulogalamu ya VLC pa laputopu, dinani Ctrl+E muone equalizer, komanso voliyumu isapitirire 100%.

DJ wa ku Kawale: Zoona, koma chachikulu anthu sachimva. Kukweza 3 dB kumafuna mphamvu kawiri kuchokera ku ampu. 10 dB ndi kakhumi. Kasipika ka Bluetooth kokwana m'thumba sikangatulutse 60 Hz ngakhale mutakalipira ndalama zingati, kamangogunda malire ake n'kuyamba kukhosomola. Pakasipika kotere 60 Hz muitsitse ndithu, mukweze pang'ono 170 Hz, khutu lidzamvabe ngati besi ilipo. Kumveka bwino kwa mawu a woimba kuli pakati pa 1 kHz ndi 3 kHz, pamenepo 2 dB yakwana. Zilembo za S zikayamba kulasa makutu tsitsani 6 kHz. Ma preset (makonzedwe okonzeratu a equalizer) a Rock ndi Bass Boost aja asiyeni.

Fundi wa ku Biwi: Sipika ikakhala pakona ya nyumba besi imachuluka yokha, palibe chokwezera. Koma panja pachinkhoswe palibe khoma lokuthandizani.

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Ndaika pa Flat koma sizinasinthe kwenikweni. Mnyamata uja ndamuimbiranso, foni yazima.

Mai a Tadala: Achimwene, sipika yanji?

DJ wa ku Kawale: Lumikizani mahedifoni, muyimbe nyimbo yomweyo pa Flat. Ikamveka bwino, vuto si equalizer ayi, sipika yang'ambika kapena koilo yapsa. Sipikayo itazimitsidwa kankhani pepala lake lapakati pang'onopang'ono ndi zala, likamakhulana mkati ndiye kabwerekeni ina lisanafike Loweruka.

Wa FLAC: Ndipo mafayilo musinthebe.