PAYE ya antchito: ndilipire ndi cheke kapena pafoni?

Nachisale wa ku Dedza:
Abale ndithandizeni nzeru. Malemu bambo anga adandisiyira sitolo ya zipangizo zomangira kuno ku Dedza boma, ndipo muli antchito anayi. Iwo msonkho wa PAYE, wodulidwa pa malipiro a antchito, ankalipira ndi cheke basi: kulemba, kusaina, mnyamata n'kuthamanga nacho kubanki. Buku la machekelo likadali m'kabati, koma mwana wanga akuti masiku ano zonse n'za pa Msonkho Online, tsamba la pa intaneti la bungwe lotolera misonkho la MRA. Mantha anga ndi akuti ndikadina pafoni ndalama ingalowere kosadziwika. TCC, chikalata chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndikuifunanso kwambiri, chifukwa pali tenda ya simenti yomwe ndikufuna kupikisana nawo. Nditani?

Che Jafali:
Pepani ndi zovutazo mayi. Ndalama siingasowe ngati mwatsata ndondomeko. Mumalowa pa Msonkho Online, n'kulemba fomu ya PAYE ya mwezi umenewo, kenako pamatuluka nambala yotchedwa PRN. Nambala imeneyi ndi imene imauza a MRA kuti ndalamayi ndi ya TPIN yanu (nambala yanu ya wokhoma msonkho) komanso ya msonkho wanji. Mukaitenga mutha kulipira pa app ya banki yanu muli m'sitolo momwemo, kapena kupita nayo pakauntala kubanki ngati foniyo simukuikhulupirira.

Mai a Tadala:
Ine nkhawa yanga ili pabuku la machekelo, achemwali. Ngati wosainira akauntiyo anali bambo okha, macheke amenewo ndi mapepala chabe tsopano, banki siingawalandire. Onaninso TPIN. Ngati bizinesiyo inalembetsedwa m'dzina lawo ngati munthu payekha, pitani kaye ku ofesi ya MRA ndi zikalata za imfa akakuuzeni momwe mungakonzere. Mukamalipirabe pa TPIN ya malemu, TCC ya m'dzina lanu idzachokera kuti?

Chinanso, kale cheke cha banki ina chinkatenga masiku kuti ndalama ilowe. PAYE imafunika ifike pa 14 mwezi wotsatirawo. Kupereka cheke pa 13 kunali kudziika pampanipani, ndipo chikabwerera chifukwa muakaunti mwaperewera, chindapusa chinali chanu.

Bambo Mbewe, Area 25:
Ndiwonjezereko pang'ono. Msonkho uliwonse ukhale ndi PRN yakeyake, musaphatikize PAYE ndi VAT ngati munalembetsa VAT, ndipo iyoyo tsiku lake ndi pa 25. Musadikire tsiku lomaliza, netiweki imavuta aliyense akamalimbirana. Ine ndimalipira ndikangomaliza kupereka malipiro a antchito, ndalama ya msonkhoyo isanalowe m'katundu. Risiti ya banki ndimaisindikiza n'kuisunga m'faelo limodzi ndi pepala la PRN.

Nachisale wa ku Dedza:
Zikomo nonse. Mai a Tadala mwalasa, wosainira anali bambo okha, ndipo TPIN ili m'dzina lawo. Lolemba ndiyambira kubanki, kenako ku MRA. Kodi kalata ya kwa DC yonena za chuma cha masiye ndiitengenso?