Tinalowa mu kachisi wa Abuda ku Seoul, pano gulu lathu lagawikana, kodi tinalakwa?

Mayi_wa_kwaya

Abale mwaswera bwanji. Pali nkhani ikundisowetsa tulo chibwerereni ku South Korea sabata yathayi. Tinapita anthu 14 a mpingo wathu pamodzi ndi abusa, ulendo wokha unali wabwino sindiname. Lamulungu tinakapemphera ku Yoido Full Gospel Church, tchalitchi chija anachiyambitsa David Yonggi Cho ndi Choi Ja-shil mu 1958 akumasonkhana mu tenti, pano anthu ake osawerengeka, alendofe anatipatsa mahedifoni omvera kumasulira ndiye itafika nthawi yopemphera onse anafuula "Juyeo" katatu, ndiye kuti Ambuye, kenako aliyense kupemphera mokweza nthawi imodzi, thupi lonse linachita tsemwe.

Koma pomwe ndinalira ndi pa manda a amishonale ku Yanghwajin, m'mbali mwa mtsinje wa Han. Kuli timanda ta ana tambirimbiri, kamwala kakang'ono chaka chobadwa ndi chomwalira chimodzimodzi, ndinaima pamenepo ndikuganiza za mayi wake kuti anakwirira mwana kudziko la eni koma osalongedza katundu kubwerera kwawo. Miyala ina ili ndi zipsera za zipolopolo za nkhondo ya ku Korea ija inayamba mu 1950.

Vuto linabuka titapita ku Insadong kukagula timphatso. Wotiperekeza anati pafupi pompa pali Jogyesa, kachisi wamkulu wa Abuda, tiyeni mukaone. Enafe tinalowa, kuvula nsapato pakhomo, mkati muli mafano atatu akuluakulu agolide ndipo azigogo anali kugwada kudzuka kugwada kudzuka pa makushoni, panja nyali zamapepala zamitundumitundu zili lende pamwamba. Ife sitinagwade, sitinayatse zofukiza, tinangoima kumbuyo mphindi zochepa basi. Koma amayi anayi anakaniratu anatsala pamsewu, madzulo ku hotela anatiuza kuti tatenga mizimu, ndipo mmodzi yemwe timaimba naye kwaya zaka zambiri sanandiyankhule mpaka ndege inanyamuka ku Incheon. Mpaka lero pa gulupu yathu ya WhatsApp nkhani ndi yomweyi. Ndithandizeni, tinachimwa?

Mkulu_wa_mpingo

Mayi, za kutenga mizimuzo ine sindikugwirizana nazo, Iye amene ali mwa inu ndi wamkulu. Koma ndikanakhala paulendowo ndikanatsala pamsewu ndi amayi anayiwo, ndipo musawaone ngati mbuli ayi.

Munakwera phiri la Namsan pali nsanja ija? Nthawi ya ulamuliro wa Japan pa phiri limenelo panali kachisi wa Shinto, chipembedzo cha ku Japan, wotsegulidwa mu 1925, ndipo m'dziko lonse anthu ankakakamizidwa kukawerama ku akachisi otere. Boma linkati si kupembedza, ndi mwambo wadziko chabe. Mu 1938 msonkhano waukulu wa Apresbateria unagonja nkuvomereza apolisi ali mommo. M'busa Ju Gi-cheol anakana, anamumanga kangapo, kumuzunza, mpaka anafera m'ndende ku Pyongyang mu 1944. Ndiye ine mawu oti "tikungoona" kapena "ndi chikhalidwe chabe" amandiopsa, chifukwa kugwa kwambiri kumayambira pamenepo. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Ngati munapita kukaphunzira chikhulupiriro cha Akhristu a kumeneko, pulogalamu ikanakhala ya zimenezo basi.

Wophunzira_ku_Daejeon

Bambo mkulu ndi ulemu wonse, ine ndili kuno ku South Korea chaka chachitatu pa sukulu ndiye ndiloleni ndiikepo mlomo. Nkhani ya Ju Gi-cheol ndi yoona koma chomwe anakana ndi kuwerama, ndipo panali chikakamizo. Amayiwa palibe anawauza kuti agwade ndipo sanagwade. Paulo ku Atene pa Machitidwe 17 akunena yekha kuti anayendayenda nkumapenyetsetsa zomwe anthu amapembedza mpaka anapeza guwa lolembedwa kuti kwa Mulungu wosadziwika, ulaliki wake unachokera pa zomwe anaonazo. Akanatsala kunja kwa mzinda akanaliwerenga bwanji guwalo?

Komanso mayi, kodi munafika ku Jeoldusan? Ili moyandikana ndi Yanghwajin pomwepo, kungoyenda wapansi, siteshoni yake ndi Hapjeong. Dzinalo limatanthauza phiri lodulirapo mitu, Akatolika ambiri anaphedwera pamenepo pa chizunzo cha 1866. Mpingo wawo kuno unayamba modabwitsa, anthu wamba anawerenga mabuku ochokera ku China, Yi Seung-hun nkukabatizidwa ku Beijing mu 1784 wansembe aliyense asanafike. Chomwe chinawaphetsa kwambiri ndi kukana nsembe za makolo, Yun Ji-chung anadulidwa mutu mu 1791 atawotcha timatabwa ta mayina a makolo. Wansembe woyamba wachikoreya Andrew Kim Taegon anaphedwa mu 1846 ali ndi zaka 25 zokha. Onsewa mzere anaujambula pa kupembedza.

Anzanga akutchalitchi kuno ena amalowa mu akachisi ngati alendo makamaka akamakwera mapiri poti akachisi ambiri ali m'mapiri, ena salowa ngakhale pang'ono, koma Lamulungu amakhala benchi imodzi. Chomwe ndimadana nacho ine ndi zomwe zinachitika ku Bongeunsa, kachisi wina wa Abuda ku Seoul, mu 2010, achinyamata ena achikhristu analowa mu kachisi nkuyamba mapemphero awo momwemo, kujambula vidiyo, zinakwiyitsa anthu mpaka anakapepesa. Kuno anthu opitirira theka amati alibe chipembedzo chilichonse ndipo zinthu ngati zimenezo zimawathamangitsira kutali. Inu munavula nsapato nkukhala chete, munalemekeza eni malo.

Nachisale

Ine mbiri sindiidziwa ngati anzangawa koma achemwali werengani 1 Akorinto 8. Paulo akuti fano si kanthu, koma akutinso ufulu wako usakhale chokhumudwitsa kwa mnzako. Amayi aja anakhala pamsewu dziko lachilendo chilankhulo osachimva akuona anzawo akulowa malo omwe iwo amawaopa, nawonso mtima unawawa. Olakwa kwa ine ndi okonza ulendo, akanauza gulu usiku wake kuti mawa tidutsa pakutipakuti, ofuna alowe osafuna akadikire poti, abusa nkupempherera onse. Ndipo chonde nkhani imeneyi ichokeni pa gulupu, pa foni anthu amalemba zomwe sanganene pamaso. Pitani kunyumba kwawo mukakhale pansi.

Mayi_wa_kwaya

Zikomo nonse, bambo mkulu nanunso zikomo, nkhani ya m'busa uja sindimaidziwa ndipo pa Namsan tinakweradi nkumajambulitsa osadziwa kuti taponda pati. Achimwene a ku Daejeon, ku Jeoldusan sitinalowe, tinangoona denga la tchalitchi chake tikubwerera ku basi poti nthawi inali itatha, zikundiwawa kwambiri pano.

Pali china sindinanene. Mkati muja gogo wina atamaliza kugwada anadzuka movutika atagwira bondo, anatiyang'ana nkumwetulira, kenako anakankhira kushoni yake kwa ine kuti ndikhalepo. Ndinapukusa mutu nkuthokoza ndi manja. Chibwerereni ndimamupempherera tsiku lililonse ngakhale dzina lake sindikulidziwa, ndipo ndikanatsala panja sindikanamuona.

Achemwali a Nachisale ndamva, ndawaimbira amayi timaimba nawo kwaya aja madzulo ano, ayankha mozizira koma avomera kuti ndipite Loweruka tikatha kuphunzira nyimbo. Ndinawagulira kansalu kopukutira m'manja ku Insadong tsiku lomwelo tisanakangane, kadakali m'chikwama. Ndikatenge kapena kawakumbutsa zonsezo?