Atsikana anga akufuna kuphunzira coding, ndiyambire pati?

Abale anga a kuno ku Harare ndithandizeni maganizo. Ndili ndi atsikana awiri kuno ku Mufakose, wamkulu ali Form 2, ndipo onse atengeka ndi za coding (kulemba mapulogalamu a kompyuta ndi foni) moti foni yanga siikupumanso, koma kusukulu kwawo kalabu ya kompyuta yadzadza anyamata okhaokha, mwana akapita kumeneko amangoima kumbuyo nkumaonera. Achimwene anga akuti zimenezo nza amuna aphunzire unesi basi, ine zandinyansa kwambiri.

Nde funso langa ndi ili, ayambe ndi Scratch (pulogalamu yophunzirira coding ya ana, yongolumikiza timabuloko) kapena angolowa Python (chilankhulo cha coding chochita kulemba)? Ndamva kuti Scratch ukaikopera pa laputopu imagwira popanda intaneti, zomwe zingatithandize poti data ndiyodula komanso magetsi amangothimathima. Nanga laputopu yakale yotchipa mtauni ingakwane?

Komanso alipo amene mwana wake analowapo mpikisano wa Technovation Girls? Paja amatenga atsikana a zaka 8 mpaka 18, amapanga app m'magulu. Ngati pali mayi kapena chemwali amene amagwira ntchito za mapulogalamuwa, chonde adzangocheza nawo Loweruka lina, anawa aone okha kuti akazi alikonso.