Bonus-malus ku France: hotela yakwezeredwa chopereka cha inshuwalansi ya ulova

A Gondwe: Akuluakulu, thandizeni. Hotela ya ku Lyon ili ndi antchito 40, ndipo kalata ya September 2025 yochokera ku URSSAF, bungwe lotolera zopereka zoterezi, yati chopereka chake ndi 4.73% m'malo mwa 4.00%. Eni ake akuti sanachotse munthu ntchito chaka chonse. Zavuta pati?

Mayi Nkhoma: A Gondwe, imeneyo ndi bonus-malus, lamulo lokweza kapena kutsitsa chopereka cha kampani potengera kuchuluka kwa makontrakiti otha, ndipo sawerenga ochotsedwa okha ayi. Pa kalata ya September 2025 anawerenga pafupifupi kontrakiti iliyonse imene inatha, ngati munthuyo analembetsa ku France Travail, ofesi ya boma ya ofuna ntchito, pasanathe miyezi itatu, kapena ngati anali m'kaundula kale. Woperekera zakudya amene mwamuitana ka 30 pa makontrakiti a tsiku limodzi, ameneyo ndi 30, osati mmodzi. Mahotela ambiri amagwera pomwepa, chifukwa aganyu oterewa sachoka m'kaundula, amadikira ntchito ina ali momwemo.

Masamu a kalata imeneyo: makontrakiti otha kuyambira 1 July 2024 mpaka 30 June 2025, gawani ndi avereji ya antchito. Tiyerekeze 120 kugawa ndi 40, ndi 300%. Chimenecho mugawenso ndi chiwerengero chapakati cha gawo lanu la ntchito. Chikakhala 200%, mwapeza 1.5. Chulukitsani ndi 1.46, onjezani 2.54, yatuluka 4.73%. Kuyambira May 2025 siitsika kupitirira 2.95% ndipo siikwera kuposa 5.00%. Pa malipiro a mayuro 1,000,000 pachaka, kusiyanako ndi mayuro 7,300.

A Gondwe: Nanga tikamatenga aganyuwo kudzera ku kampani ya intérim, ajensi yotumiza aganyu?

A Chirwa: Musataye nthawi achimwene. Ganyu ya intérim ikatha imalembedwa pa kampani imene munthu amagwirako ntchito, osati imene inamutumiza. Mulipira ajensi, malus, kukwera kwa choperekako, nayo ikutsatani.

Choyamba pemphani ku URSSAF mndandanda wa makontrakiti amene awerengedwa, muufananize mzere ndi mzere ndi DSN, lipoti la malipiro limene kampani imatumiza mwezi uliwonse. Wosiya yekha ntchito sawerengedwa, chimodzimodzi kontrakiti ya apprentissage ndi ya professionnalisation, omwe ndi makontrakiti ophunzirirapo ntchito. Koma wolemba malipiro akaika chifukwa cholakwika chothetsera kontrakiti mu DSN, wosiya yekhayo amalowa m'chiwerengero. Konzani DSN, kenako dandaulani.

Mayi Nkhoma: Zoona. Onaninso avereji ya antchito, poti lamuloli limagwira makampani a antchito 11 kupita m'mwamba, ndipo nambala ya pansiyo ikachepa molakwika, peresenti imafufuma.

Za kutsogolo, yang'anani mayina amene akubwerabwera pa mndandandawo. Kawirikawiri ndi anthu ochepa omwewo Loweruka lililonse. Kontrakiti imodzi yotalikirapo m'malo mwa khumi, kapena CDI (kontrakiti yopanda tsiku lothera) ya maola ochepa owerengedwa pachaka, imatsitsa nambala msanga. Koma auzeni eni hotela kuti phindu lake silioneka mwezi wamawa: peresenti ya m'kalata ya September 2025 inachokera ku makontrakiti amene anatha pofika 30 June 2025.

A Gondwe: Zikomo mayi, zikomo a Chirwa. Mndandandawo ndiupempha lero.