Zija za chiponde changa pa msika wa pa intaneti zatheka

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake msika wina wa pa intaneti unkandikaniza kuika chiponde changa m'gulu la zakudya, pomwe madengu ndi zitenje ndinkagulitsa popanda vuto. Lero ndabwera ndi nkhani yabwino: andilola.

Vuto linali pa mapepala. Ndinkatumiza malisiti olembedwa pamanja ochokera kwa amayi amene amandigulitsa nshawa ku Kapata, m'tauni ya Chipata, ndipo msikawo suwerengera zotere. Umafuna invoice yeniyeni yosonyeza wogulitsa, tsiku, kuchuluka kwa katundu, komanso dzina ndi adiresi zofanana ndendende ndi za pa akaunti. Ine pa akaunti ndinalemba dzina langa, koma pa satifiketi ya PACRA, bungwe lolembetsa mabizinesi ku Zambia, pali dzina la bizinesi. Kusiyana kumeneku kokha kunandibwezetsa kawiri. Nditakonza, ndinawonjezera TPIN, nambala ya wokhoma msonkho yochokera ku ZRA, bungwe lotolera misonkho.

Chimene chinanditengera nthawi ndi kuyezetsa. Nshawa zikasungidwa ponyowa zimagwira chuku chobala poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, choncho ndinatumiza mabotolo ku labotale ya ZABS, bungwe loona za miyezo ya katundu, ku Lusaka. Kunena zoona, apa sindidandaula ngakhale ndalama zinapita, chifukwa chiponde chomwechi amadyanso ana anga m'phala.

Anafunanso zithunzi za botolo mbali zonse, zoonetsa zosakaniza, kulemera kwake ndi tsiku lothera ntchito.

Zikomo amayi a ku Katete amene munandiuza kuti ndiyang'anenso dzina lija. Mabotolo oyamba anyamuka Lolemba.