Kodi kufumula n'kutaya? Ndithandizeni pa mwambi wa chikuni cha utsi

Akuluakulu, ndithandizeni. Pali mwambi uja amati "Chikuni cha utsi koma kufumula." Ndaumva kuyambira ndili mwana, koma sabata ino wandisowetsa tulo. Kufumula kwenikweni n'kutani? N'kuchotsa chikuni pamoto n'kuchiponya kutali, kapena kungochisolola pang'ono?

Ndikufunsa chifukwa chaka chikutha tsopano ndisanapemphere pemphero lochokera pansi pa mtima. Kutchalitchi sindijomba, chopereka ndimapereka, nyimbo ndimaimba osayang'ana m'buku. Koma m'katimu muli zii. Lamulungu lapitali mayi amene ndinakhala nawo pafupi amaimba misozi ili chuchuchu, ine pakamwa pakuyenda koma maganizo ali pa foni imene imanjenjemera m'thumba. Usiku ndikagwada ndimangozindikira ndafika pa Amen, zomwe ndanena osazidziwa. Ndiye mkulu wina, pokamba za akhristu ozizira, anaponya mwambiwu. Sankanena ine, koma mtima unagunda. Ndinati chikunicho ndine, ndipo tsiku lina Mulungu adzandifumula.

Bambo wina anayankha:

M'bale wanga, kufumula n'kusolola chikuni pamoto, basi. Komwe chipite mawuwo sanena. Koma tisaukhotetse mwambi kuti utikomere: makolo ankanena munthu wosokoneza pagulu, wamiseche, woyambanitsa anzake. Utsi wake umalowa m'maso mwa onse owotha moto, ndiye kuti anthu apume, ayenera kupatulidwa. Mkulu wanuyo anauika pamalo posakhala pake. Inu simukuliza munthu aliyense, mukulira nokha.

Mayi wina anawonjezera:

Bambo anena zoona. Ine ndingonena zomwe ndaona pamoto zaka zonsezi. Chikuni chimafuka chikakhala chachiwisi, chikanyowa, kapena chikatalikirana ndi zinzake. Chachiwisicho mumachimva chikulira kuti tsiii, thovu likutuluka kumapeto. Sindinatayepo chotero. Ndimachigoneka pambali pa moto kuti chiume, mawa lake n'chimene chimayaka bwino kuposa zonse. Ndipo mwana wanga, chikuni chimene moto unatheratu sichifuka. Kusowa tulo kwanuko ndi khala limene latsala. Werengani Yesaya 42:3, mawu amene Mateyu 12:20 akuti anakwaniritsidwa mwa Yesu: bango lophwanyika salithyola, nyali yofuka saizimitsa. Funso langa ndi lakuti, mumapemphera ndi ndani? Paja chikuni chimodzi sichipsetsa mphika.

Wachitatu anati:

Onaninso Zekariya 3. Yoswa, mkulu wa ansembe, waima pamaso pa mngelo atavala zovala zalitsiro, Satana ali kudzanja lake lamanja kumuneneza. Yehova sakukana kuti litsirolo lilipo, koma akudzudzula Satana n'kumutcha Yoswa muuni wofumulidwa pamoto, kenako akumuvula n'kumuveka zoyera. Pamenepa kufumula ndi kupulumutsa, kulanditsa chisanapsere.

John Wesley, mlaliki wa ku England amene anayambitsa Methodist, ankadzitcha dzina limeneli. Mu 1709, ali ndi zaka zisanu, nyumba ya makolo ake ku Epworth inapsa, anthu n'kumutulutsira pawindo denga litatsala pang'ono kugwa. Koma chimene chimandikhudza ine si motowo ayi. Munthuyu anakula, anadzozedwa ubusa, anakalalikira mpaka ku Georgia ku America, n'kubwerako mtima uli wosweka, akukayika za chikhulupiriro chake chomwe. Pa 24 Meyi 1738 anapita monyinyirika ku kagulu ka mapemphero mumsewu wa Aldersgate ku London. Wina akuwerenga mawu oyamba amene Martin Luther analemba pa kalata ya kwa Aroma, m'pamene anamva mtima wake ukutenthedwa. Taonani, anapita asakufuna, koma anapitabe.

Wofunsa uja anabweranso:

Zikomo nonse. Amayi, funso lanu landilasa. Kale tinali atatu, tinkakumana m'bandakucha kuwerenga Masalimo mokweza ndi kupemphererana. Ntchito itachuluka ndinayamba kupepesa kamodzikamodzi, mpaka anasiya kundiitana. Ine ndimayesa kuti moto unangozima wokha, osadziwa kuti ndinadzisolola ndekha. Usiku wathawu ndinatsegula Chivumbulutso 2:4-5, pamene mpingo wa ku Efeso ukudzudzulidwa kuti unataya chikondi chake choyamba. Sakuuzidwa kudikira kuti mtima utenthe kaye, akuti ukumbukire pomwe unagwera, ulape, uchite ntchito zoyamba zija. Ndaimbira mmodzi wa anzanga aja, manja akunjenjemera ndi manyazi. Sanandifunse komwe ndinali, wangoti tikumane Lachinayi.

Koma mwandipatsanso mawu ena. Muuni n'chiyani kwenikweni? Ndi chikuni chomwecho chamoto kumutu, kapena ndi chija anthu ankanyamula usiku pounikira njira?