Woimba ng'oma akayamba kuphunzitsa ndiye kuti watha?

Wapa Lizulu:
Amangwetu ndithandizeni. Ndimamenya ma drums ku tchalitchi kwathu, ndiye abusa andipempha ndiziphunzitsa ana Loweruka lililonse koma anzanga akundiseka, ati kuphunzitsa ndi kwa anthu amene ma bandi awakana. Wina wanditchulira Max Roach kuti ankachita zonse ziwiri, alipo akumudziwa?

Mkulu wa ku Bembeke:
Anzakowo auze akhale pansi kaye kkkk. Roach anali katswiri womenya ma drums mnyimbo za jazz, anabadwa 1924 ku North Carolina ku America nkukulira ku Brooklyn, ndipo nayenso anayambira mmagulu oimba za mtchalitchi ali ndi zaka 10, ngati iwe momwemo. Mma 1940 anali kale akuimba ndi akatswiri a jazz Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie, ndipo iyeyu ndi womenya ma drums mnzake Kenny Clarke ndi amene anachotsa biti pa bass drum yopondedwa ija nkuipititsa pa ride cymbal, chimbale chachitsulo chija, phazi ndi dzanja lamanzere nkupeza mpata womayankhana ndi wa lipenga mmalo momangogunda du du du mpaka nyimbo kutha. 1970 anayambitsa M'Boom, gulu la omenya ng'oma ndi zogogoda zokhazokha. 1972 ndi pomwe anayamba kuphunzitsa ku University of Massachusetts ku Amherst, koma pa steji sanatsikepo ayi, anaimbabe mpaka ukalamba. Anamwalira 2007 ali ndi zaka 83. Munthu wokanidwa amatero?

Nachisale wa ku Tsangano:
Zoona achimwene koma uja ankalandira salale ya ku yunivesite. Kunoku makolo adzakupatsa ndowa ya mbatatesi basi nkhani yatha, ndipo timitengo ana akathyola udzagula wekha. Kambiranani ndi abusa zimenezo musanayambe.

Wa ku Linthipe:
Ine za ku America sinditsutsa koma zoyankhana zo kwathu nzakale. Pita kubwalo ukaone wa mbalule, ng'oma yotsogolera ija, maso ake sachoka pa miyendo ya wovina, wovina akasintha sitepe naye wasintha pompo, pamene enawo agwira mayendedwe osagwedezeka. Anawo aphunzitse kumva kaye, manja abwera okha. Kungoti osakawauza abusa kuti ndakutuma ku gule kkkk.

Wapa Lizulu:
Zikomo nonse, Loweruka ndiyamba. Vuto seti ndi imodzi ndipo snare inang'ambika tinachita kumata ndi selotepu, ana akabwera ambiri enawo ndiwapatse chani?

Mkulu wa ku Bembeke:
Zigubu ndi ma benchi. Pa seti azikhalapo mmodzimmodzi, wosunga biti bwino ndi amene ayambe.